Kanema wa laibulale ndi chigoba cha agogo anga

Lolemba lapitali m'mawa ndinali pakhonde ndikusoka nsapato, foni n'kulira. Anali mwana wanga wamkazi wa ku Ruwa, kufupi ndi Harare, amene amandikumbukira kukagwa nkhani basi. Ndi moni yemwe sanandipatse. Anangotumiza kanema, pansi pake n'kulemba kuti: "Baba, si babamunini Damiyano awa?"

Ndinatsegula. Ng'oma zikulira, amayi akuimba, fumbi lili koboo. Pabwalo pali chilombo chonyamula kasutikesi ka malata. Chavina, chavina, kenako chikuthamangira kuseri kwa mabani akale a fodya. Wojambulayo sakuchisiya, akuchikokera pafupi monga amachitira mafoni a masiku ano. Chikufika pamene khoma la bani linagumuka, chikuima, chikutukula nkhope yake ya mtengo kuti chipume. Pansi pa nkhope ya mtengoyo pali nkhope ya mng'ono wanga Damiyano, thukuta lili chuchuchu.

Pamwamba pa kanemayo panali dzina la tsamba la mchezo la laibulale yathu. Wina anali atalembapo m'Chingerezi mawu otanthauza kuti, bwerani muone nkhope imene amabisa. Anaikaponso kankhope koseka.

Ndakwiya, owerenga anga, ndipo sabata ino sindiyesa n'komwe kubisa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, amuna anzanga ometa, mwayamba kale kutukwana. Mukuti mphunzitsi wopuma ntchitoyu wapenga, akulemba za kudambwe mu nyuzipepala. Dikirani. Ndisanagwire cholembera ndinapita kwa akuluakulu a gule pa purazi lathu kukapempha. Anati lemba, palibe chimene uulule choposa chimene foni yaulula kale, koma mayina usinthe ndipo usapyole pamene kanemayo walekezera. Ndasintha mayina onse, ndipo sindipyola. Ulendo wokapemphawo sunanditengere ndi theka la tsiku lomwe. Kupempha si ntchito yolemetsa.

Laibulale imeneyi ndimaikonda, ndiye chifukwa chake zikundiwawa chonchi. Sinditchula dzina lake. Ili pa mashopu a m'mbali mwa msewu wopita ku Karoi, m'nyumba imene kale inali kalabu ya eni mapurazi, momwe abambo athu ankalowera khomo la kukhitchini mokha. Lero mdzukulu wa wosankha fodya amalowera khomo la kutsogolo, n'kukhala pampando, n'kutsegula buku. Bungwe lina la ku Harare ndi limene linabweretsa mabuku, makompyuta awiri ndi intaneti. Pa zimenezo ndimavula chipewa.

Amene amayang'anira laibulaleyo ndi mayi wina wa Chishona, tingomutcha Mai Marufu. Mayi ameneyu anazindikira msanga chinthu chimene ophunzira ambiri sachidziwa: anthu a m'makomboni sawerenga zidziwitso zokhoma pa chitseko, chifukwa chitsekocho chili kutali, ndipo ambiri kuwerengako kumawavuta. Choncho anatsegula gulu la mauthenga pa foni. Salembamo zambiri. Amalankhula. Mapepala akale a mayeso akafika, amanena ndi pakamwa. Akamva kuti olembetsa zitupa abwera pa sukulu yakuti, amanena m'Chishona, kenako n'kubwereza m'Chichewa chake chopindikapindika chimene chimatiseketsa tonse. Amayi a m'shedi yosankhira fodya amamvera pa nthawi yopuma, foni imodzi mitu isanu. Amene ali ndi kambudzi, kafoni ka mabatani kaja, amamvera kwa mnzake. Ndikudziwa anthu amene anapeza zitupa atakula kale chifukwa cha mawu a mayi ameneyu.

Ndiye pamene anandiuza kuti bungwe lawo likufuna kusunga chikhalidwe cha anthu a m'mapurazi, ndani anathamanga kukamutsegulira njira? Ine. Ine ndemwe, ndi miyendo yangayi.

Kunali kuvundukula chiliza cha mayi wina wachikulire wa pa komboni pathu, ndipo gule anayenera kutuluka masana. Ndinapita kwa a Nkhoma, mkulu wa dambwe, amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kulumikiza mapaipi othirira. Ndinawapeza ali m'matope mpaka m'mawondo. Ndinawauza kuti ana athu akuiwala nyimbo, kuti laibulale isunga, kuti mawa ndi mawa adzukulu adzaona. Ndinalankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, monga mwa aphunzitsi.

A Nkhoma anapukuta manja pa ovolosi, nati: "Aphunzitsi, mlendo wanuyo ajambule za pabwalo, pamene aliyense aona ndi maso. Chilombo chikatembenuka kupita kwawo, foni itsike. Ndipo asanapereke kwa wina aliyense, tiyambe taona ife. Mutsimikiza inu?"

Ndinatsimikiza. Mai Marufu anavomera pamaso panga, anaombanso m'manja mwaulemu monga amachitira anzathu a Chishona.

Tsopano ndikuuzeni za chilombo cha kasutikesi chija, kuti mumvetse chimene chinali pa ngozi.

Dzina lake ndi Mtchona. Agogo athu aamuna, pochoka kwawo ku Dedza ali mnyamata kudzafuna ntchito kuno, atsibweni awo anawasemera nkhope ya mtengo. Nkhope ya munthu wamaso otopa, wa ndevu zoyera, wamilomo yotsikira pansi. Anawauza kuti: ukakhalitsa kumeneko osabwera, udzaoneka chonchi. Agogo anaikulunga m'bulangeti, anaoloka nayo Zambezi, anayenda nayo purazi ndi purazi. Sanabwerere. Anafera kuno ali ndi ndevu zoyera zomwezo.

Mtchona akatuluka pabwalo amanyamula kasutikesi kake, amatsanzika aliyense, amagwira amayi chanza, amayenda kulowera kumene kuli kwathu. Akafika kumapeto kwa bwalo amaima, amayang'ana kutali, amakanda m'mutu, n'kutembenuka. Ana amaseka mpaka kugwa. Akuluakulu amaseka nawo, koma mukawayang'anitsitsa mupeza ena akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Zigoba zina zonse za pa dambwe lathu zinasemedwa konkuno ndi mitengo ya konkuno. Chokhacho ndi chimene chinachokera kumudzi. Ife obadwira m'makomboni tilibe munda kumeneko, tilibe manda amene tingaloze, ambiri sitinapondeko n'komwe. Tinali ndi Mtchona.

Agogo atamwalira anamusunga bambo athu. Bambo atamwalira, ine ndinali nditalowa kale za choko ndi bolodi, ndiye anapita kwa Damiyano, woyendetsa thalakitala, munthu wosalankhulalankhula amene Lamlungu amaimba besi m'kwaya ya tchalitchi.

Lolemba lomwelo ndinamulondola kumunda kumene ankakonza mizere ya fodya. Anazimitsa thalakitala koma sanatsike.

"Ndaona kale, achimwene," anatero. "Ana a sukulu andikuwiza m'mawa pa geti. Akuti Mtchona, Mtchona, sutikesi waisiya kupi?"

"Ndikonza, Dami."

"Kunatentha tsiku lija. Mpweya unandithera. Ndinayesa ndafika kale pobisika." Anayang'ana chiwongolero. "Mlendo uja munabwera naye ndinu."

Analiza thalakitala n'kumapita. Akanandimenya mbama zikanakhala bwino.

Lachiwiri akuluakulu anakhala pansi pa mitengo ya bulugamu, ine n'kuitanidwa. Panalibe kukalipa. A Nkhoma analankhula motsitsa ngati akuyeza paipi.

"Ngozi imachitika, aphunzitsi. Khoma linagumuka, ife tomwe sitinatseke, mlandu wina ndi wathu. Amene anapachika chinthuchi pamalo pawo atsitse ndi dzanja lawo lisanafike Loweruka masana. Akatsitsa tidziwa kuti kunali kuphonya. Mtchona timugoneka zaka zingapo, ana awa akule, aiwale, adzatulukanso. Koma akachisiya pomwepo kuti dziko lizisekerapo, ndiye kuti si chilombonso, chasanduka chidole cha eni mafoni. Chidole sitisunga kudambwe. Tiotcha."

Ndinayesa kufotokoza kuti za pa intaneti sizili ngati buku lochotsa pa shelefu, kuti anthu agawana kale. Anandidula.

"Za anthu ogawana sitikufunsa. Mbava zilipo ponseponse. Tikufunsa amene munatitsimikizira inu."

Lachitatu ndinakwera lole ya nkhuni mpaka pa mashopu. Ndinalowa mu laibulale nditakonzeka kugwetsa denga. Mai Marufu atangondiona anaimirira, maso atatupa.

"VaBanda, ndine urombo, pepani. Ndalakwa ine. Sindinaone kuti foni yagwira chiyani, dzuwa linali pa galasi. Ndinati ndidzabwera nazo kwa madhara Loweruka kuti aone. Asi ku Harare anandiimbira, akuti tumizani zonse lero lero, lipoti ikufunika. Ndinatumiza. Ndinawauza kuti musaike kanthu, eni ake sanaone."

"Chabwino. Tsegulani kompyutayo muchotse. Ndiima pompano."

Anayang'ana pansi.

"Handina kiyi yacho."

"Mwati chiyani?"

"Mawu achinsinsi olowera pa tsambalo ndilibe, VaBanda. Sindinapatsidwepo. Tsamba ndi la laibulale ino, dzina ndi lathu, chithunzi ndi cha khomo ili, asi amene amaikapo zinthu ali ku ofesi ku Harare. Ine ndimangoona zatuluka, ngati imi, ngati inu nomwe."

Mwamva zimenezo? Mayi amene ali ndi kiyi wa chitseko, kiyi wa kabati, kiyi wa chimbudzi, amene amadziwa mwana aliyense wobwereka buku ndi dzina la amake, alibe kiyi wa pakamwa pa laibulale yake. Pakamwapo pali munthu wina amene sanapondepo pa komboni pathu, amene sadziwa kuti fumbi lathu ndi lofiira kapena loyera.

Anamuimbira pomwepo, n'kukweza mawu a foni kuti ndimve. Ndimutcha bwana wa tsamba. Anali waulemu, ndisaname. Ulemu wa munthu amene akulankhula nawe uku maso ali pa zina.

Ndinafotokoza zonse. Pangano, khoma logumuka, agogo, Loweruka masana.

"Mudhara, ndakumvani," anatero. "Asi muone mbali inayi. Chiyambireni tsamba limeneli, palibe chimene chinayenda ngati kanema ameneyu. Anthu akuonera mpaka kunja kwa dziko. Chikhalidwe chanu chikudziwika, mudhara. Muyenera kunyada."

"Mwawerenga zimene akulemba pansi pake?"

"Aa, ndemanga ndi ndemanga. Zikachuluka ndiye kuti tsamba lili moyo."

Ine ndinali nditaziwerenga. Zvigure ndi ufiti. Mabhurandaya bwererani kwanu. Zvigure ndi gule wathu m'Chishona, Mabhurandaya ndi dzina lotinyozera ife ana a obwera. Wina anazindikira Damiyano n'kutchula tchalitchi chimene amaimbako. Ine ndinalembapo kawiri kuti chonde chotsani, eni ake sanalole. Palibe anayankha. Mawu anga anamira pansi pa tinkhope toseka.

"Chotsani," ndinatero. "Ndi chala chimodzi chokha."

"Sizophweka choncho. Kanemayu walowa kale mu lipoti ya otithandiza, adzafuna kumuona ali pomwepo. Lembani kalata, Mai Marufu adinde chidindo, komiti ikakhala kumapeto kwa mwezi tidzaiona."

"Poika munakhala komiti?"

Anati netiweki ikuvuta, sakundimva bwino. Foni inaduka. Mai Marufu anaimbanso katatu, osayankhidwa. Kalatayo ndinalemba, iye anadinda, anaijambula n'kuitumiza. Anawonjezera yake yopempha kuti ngati n'kotheka amudule iye ntchito koma kanemayo achoke. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, anatero akale.

Tsopano ndifunse, ndipo ndikufunsa malaibulale onse amene atsegula masamba masiku ano, kuyambira ku Guruve mpaka kwathu kuno.

Ine ndikafuna kutuluka ndi buku lanu limodzi, la chikuto chong'ambika, mumandifunsa chitupa. Mumalemba dzina langa, purazi limene ndimakhala, tsiku lobweza. Mumadinda. Ndikachedwa mumanditumira uthenga. Zonsezo n'zabwino, buku ndi la anthu onse. Nanga bwanji inu potuluka ndi nkhope ya mng'ono wanga simunasaine paliponse? Buku lili ndi mwini, koma munthu wa pa komboni alibe?

Mudziwa chimene chimandipsetsa mtima koposa? Ndi chakuti anthu ogwira ntchito mu laibulale ndi amene amayenera kudziwa bwino zimenezi kuposa wina aliyense. Ntchito yawo yonse ndi kudziwa kuti ichi chikhala pa shelefu ya ana, ichi cha akulu, ichi sichituluka panja, ichi chili m'kabati yokhoma ndipo ofuna kuchiona ayambe wapempha. Mai Marufu sangakuuzeni buku limene mnansi wanu anabwereka, ngakhale mumugwadire. Amati ndi chinsinsi cha wowerenga. Dambwe nalonso ndi choncho: lili ndi za pabwalo ndi za m'kabati. Koma nzeru yonseyo ikangofika pa foni imasungunuka. Pa foni chilichonse ndi cha pa shelefu ya kutsogolo, bola chikope anthu.

Ndipo anthu ake ati? Tsamba lija limalembedwa m'Chingerezi chokhachokha. Amayi a m'shedi ya fodya saliona, bandulo yawo imangokwana mauthenga. Silinatiuzepo tsiku limene laibulale yatseka, kapena buku latsopano limene lafika. Lili ndi zithunzi za ana athu atanyamula mabuku akumwetulira, zithunzi za alendo akudula riboni. Si tsamba lolankhula ndi ife. Ndi tsamba lolankhula za ife, kwa anthu akutali amene amakweza tizala n'kupitiriza kumwa tiyi.

Pomwe gulu la mauthenga la Mai Marufu, limene palibe analiikapo mu lipoti, ndi limene limagwira ntchito ya laibulale. Kusiyana kwake n'kumodzi. Mayi uja akalakwitsa mawu m'gulu lake, mawa lake amakumana nafe pa chigayo. Bwana wa tsamba sakumana ndi aliyense.

Sindikuti malaibulale athawe intaneti. Ndingakhale chitsiru, ine amene ndimawerenga nyuzipepala pa kompyuta yawo Lachisanu lililonse. Ndikuti kiyi wa tsamba akhale m'manja mwa munthu amene tingamugogodere. Ndikuti musanaike nkhope ya munthu, muonetseni, ndipo akati ayi, ikhale ayi. Munthu akalemba kuti chotsani, pakhale wina womuyankha tsiku lomwelo, osati komiti ya kumapeto kwa mwezi. Ndipo ngati pansi pa dzina la laibulale anthu akutukwana mtundu wa anzawo, wina atenge tsache asese. Mu laibulale mwenimwenimo mumatiletsa ngakhale kutsokomola mokweza.

Inunso owerenga musadzipatule. Kanema uja sanayende yekha. Anandipeza kudzera kwa mwana wanga, iye anamulandira kwa mnzake wa ku ntchito, mnzakeyo kwa wina. Ena mwa amene munagawa ndinu ana a m'makomboni momwemu, amene agogo anu anaoloka mtsinje womwewo. Munaona nkhope ya munthu wotopa akufuna mpweya, chala chanu n'kuthamangira kutumiza. Munalemba kuti zvakaoma, zavuta, n'kuikapo kankhope koseka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo ine ndemwe sindidzichotsa. Ndinatsimikizira akuluakulu chinthu chimene sindinachifufuze. Ndinafunsa Mai Marufu ngati adzasunga pangano. Sindinamufunse ngati ali ndi mphamvu yolisunga.

Lachinayi kunali zii. Lachisanu ndinapitanso pa mashopu, tinaimba, foni inangolira. Mai Marufu analankhula m'gulu lake, m'Chichewa chake chija, kupepesa komboni yonse ndi kupempha aliyense amene ali ndi kanemayo kuti afufute. Ulendo uno palibe anaseka Chichewa chake. Ambiri anafufuta, ena ananditumizira uthenga kundiuza. Koma pa tsamba la laibulale kanema anali pomwepo, pamwamba penipeni.

Loweruka m'mawa Mai Marufu anatulukira pa komboni atakwera lole, atavala chitenje, nkhuku ili m'manja. Anagwada patali ndi a Nkhoma. Iwo analandira nkhukuyo, namuuza kuti: "Mayi, inu takumvani, pitani ndi mtendere. Koma chija chatsika?"

Anatulutsa foni, anayang'ana, anapukusa mutu.

Tinadikira mpaka mthunzi wa thanki ya madzi unalowa pansi pa thankiyo. A Nkhoma anandiuza kuti ndiyang'anenso komaliza. Ndinayang'ana. Kanema anali pomwepo. A Nkhoma anaimirira, amuna ometa tonse tinawatsata.

Za kumeneko sindinena, ndinalonjeza. Ndingonena zimene komboni yonse inaona ili pa makomo: utsi wochepa, woyera, ukukwera kuseri kwa mabani. Mtengo wouma zaka zonsezo suchedwa. Amayi achikulire anayamba kulira ngati pagwa maliro, ndipo Mai Marufu anakhala nawo pansi pafumbi mpaka lole yomaliza.

Dzulo, Lamlungu, Damiyano sanapite ku kwaya. Chakumasana anabwera kwathu, anakhala pa sitepe. Ndinaganiza kuti wabwera kudzanditsanulira zonse, ndipo ndinali wokonzeka kuzilandira.

"Achimwene, kanema uja mukadali naye?"

"Ndimati ndifufute lero, Dami. Ndikhululukire, ndachedwa."

"Musafufute. Ndionetseni koyambirira kuja, pamene akutembenuka ndi sutikesi."

Ndinamuyang'ana.

"Chimwalirireni bambo sindinamuonepo Mtchona akuvina," anatero. "Ine ndimakhala mkati."

Ndinamupatsa foni. Anaonera Mtchona akutsanzika amayi, akuyenda, akuima kumapeto kwa bwalo, akukanda m'mutu. Chilombo chisanathamangire ku mabani anaimitsa ndi chala chake chachikulu chodzaza girisi, n'kubwezera poyamba. Anachita zimenezo kambirimbiri, mpaka batire inatha.

Bwana wa tsamba, kalata yanga ikadali pa tebulo panu ndipo komiti yanu idzakhala kumapeto kwa mwezi. Mukadzafika pa dzina langa musadzavutike ndi kuchotsa, palibenso choti mupulumutse. Mudzangondiyankha funso limodzi. Munthu amene mwamuotchetsa cholowa cha agogo ake, n'kumusiya akupempha foni ya mkulu wake kuti achionere pa galasi, mu lipoti yanu mumulemba kuti mwamusungira chikhalidwe?